Mtengo wanga sugwa chifukwa cha kadzidzi

Lachiwiri m'mawa ndikupeta mpunga pakhonde, ndinangoona alamu anga a Bwanali atulukira, nkhwangwa ili paphewa. Moni sanapereke n'komwe.

"Alamu, mtengo wa mangowu ugwe lero. Mukumagona kadzidzi, ndipo anthu ayamba kulankhula."

"Akulankhula zotani?"

Anayang'ana pansi. "Akuti mbalameyo ndi yanu."

Ha! Yanga? Ine nkhuku zenizeni zinandithera ndi chitopa, ndiye ndikawete kadzidzi?

Mtengowu anabzala ndi malemu amuna anga, chaka chomwe tinabwera kuno ku Lifuwu kudzalima mpunga. Madzi othirira ankachita kukatunga panjinga. Pamthunzi pake ndi pomwe ankasokera matumba, ndi pomwenso ankaswera tsiku lonse, miyendo itayamba kukana. Kadzidziyo analimo kale. Ankalira ndithu, a Bwanali omwewa ali pomwepo, akusewera bawo ndi achimwene awo. Za ufiti palibe anatchula. Ankangoti akutichepetsera makoswe.

Nanga chasintha n'chiyani? Mbalame ndi yomweyo, mtengo ndi womwewo. Wasintha ndine: imvi zadzaza mutu, mano apita, mwamuna kulibe.

Inu awerengi, tisanamizane. Nkhalamba yaimuna ikafiira maso timati ndi ukalamba. Mayi wamasiye akafiira maso ndi utsi wa nkhuni, utsi womwe wakhala akuphikira inu nomwe, timati amatamba. Mwana akatentha thupi, chipatala tisanapite n'komwe, zala zaloza kale nyumba yopanda bambo.

Ndipo sizithera pamtengo ayi. Lero nkhwangwa, mawa miyala padenga, mkuja "abwerere kwawo", munda wa mpunga wapeza mwini wina. Zinamuchitikira mnzanga ku Maganga. Pano akugona m'khitchini kwa mwana wake.

Mantha ndili nawo, sindinama. Koma tsiku limenelo ndinanyamula lichero langa n'kukakhala patsinde penipeni, msana nditatsamiritsa kumtengo.

"Dulani alamu," ndinatero. "Koma muyambire pali msana wangapa. Mukatero mukawauze achimwene anu kumandako kuti ntchito mwaigwira."

Anaima, anatsokomola, anasinthira nkhwangwa phewa lina. Kenako anati abweranso. Mpaka pano ndikudikira, ndipo mpunga ndikumapetera pomwepo.

Masana a tsiku lomwelo adzukulu awo anabwera monga mwa masiku onse, kudzatola mango. Sindinawathamangitse, analakwanji ana? Ndinawadzazira beseni, n'kuwauza kuti mango aakuluwo akapatse agogo awo. Beseni linabwerera lopanda kanthu.

Ndiye a Bwanali, ndi nonse amene mukunong'onezana kudambo, tandiyankheni: ngati mtengowu ndi wa mfiti, bwanji mango ake akutsekemera kunyumba kwanu?