Ndege Zitatu za Malemu Amuna Anga Zinandigoneka M'chipatala

Azakhali anga, amene anathamangitsidwa kumudzi kwa amuna awo atakalamba, anandichenjeza ndili mtsikana kuti: "Esinati, imvi zikadzamera usadzaoneke utagwira chinthu cha mapiko. Ngakhale nkhuku, uzidzatuma wina akugwirire." Mawu amenewa ndinawasunga bwino lomwe, ndipo ndi amene anandithandiza kudwala chaka chatha.

Chizindikiro choyamba chinali mutu. Unayamba Lolemba, sabata yoyamba ya mwezi wa June, dzuwa lisanafike pamutu. Unali mutu wolemera, wogunda m'mbali ngati muli munthu akusinja. Lachitatu maso anayamba kutuluka misozi popanda chondiliza, ndipo pofika Loweruka ndinali nditayamba kutsokomola.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi malemu amuna anga, a Wilisoni. Iwowa anali makaniki wa ndege ku usilikali. Sanaulutsepo ndege, ankamanga mabawuti, anzawo n'kumauluka. Atapuma ntchito tinadzakhala kuno kufupi ndi Ntaja. Anzawo a gulu lawo la ku usilikali, amene atsala, amakumana kamodzi pachaka, ndipo anagwirizana kuti pakhale tindege ting'onoting'ono ta mtundu uliwonse umene ankagwirako ntchito, pansi pake palembedwe mayina a anzawo amene anatsogola. Ntchitoyo anaitenga ndi a Wilisoni. Mwana wathu Rute, amene ali ku Joni, anatumiza makatoni asanu. M'katoni iliyonse munali tizidutswa ta pulasitiki, kabotolo ka guluu, timabotolo ta penti ndi pepala la zithunzi losonyeza chimene chimalowa pa chinzake.

Ine ndinawauza tsiku loyamba kuti zimenezi azipangira kuchipinda, chitseko chili chotseka, ndipo iwo anati, "Chabwino, amayi." Anamaliza ziwiri. Mu January anatisiya, makatoni atatu asanatsegulidwe.

Patapita miyezi ingapo kunabwera Che Jafali, mlembi wa gululo, kuchokera ku Liwonde. Anapepesa maliro bwinobwino, koma maso awo anali pamwamba pa kabati. Anati ndiwapatse makatoniwo, kuli mphunzitsi wina ku Balaka amene angamalize. Ndinakana. Mphunzitsiyo sindimudziwa, ndipo Che Jafaliwo ndimawadziwa pang'ono chabe, zaka makumi atatu zokha. Ndinawauza kuti ine ndasoka zovala moyo wanga wonse, ndipo dzanja lolowetsa ulusi pa singano silingalephere kumata phiko. Ndinalonjeza kuti pofika August ndege zonse zitatu zidzakhala zitaima pa matayala ake.

Atachoka m'pamene ndinaganiza bwino. Kuno kwathu lichero likapezeka pabwalo pa munthu m'mawa, anthu amati ndege yagwa mafuta atatha, n'kuyamba kuyang'ana kuti ndi nkhalamba iti imene ikutsimphina. Tsono taganizani: mayi wa imvi, amuna ake amwalira kumene, wapezeka akupanga ndege m'nyumba, osati imodzi koma zitatu. Nyumba zapsapo pa nkhani zochepa kuposa imeneyi.

Choncho ndinatseka. Pazenera ndinakhomapo katoni, pamwamba pake chitenje. Pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi thumba. Popeza kunali kuzizira ndipo penti sankauma msanga, ndinkalowetsa mbaula ya makala m'chipindamo. Ndinkayamba ndikangomwa tiyi, n'kudzatuluka dzuwa litapendeka, ndikuyenda ngati ndachokera ku mowa, ine amene sindinaulawepo.

Sabata yachiwiri chifuwa chinakula. Ndikapuma, m'chifuwamo munkalira ngati wenzulo ya mpira. Ndikaimirira, nyumba inkazungulira. Chakudya sichinkalowa. Ndinadziwa kuti pali wina amene wandichita chipongwe, ndipo ndinayamba kufufuza. Woyamba kumuganizira anali Abiti Mdala, mnzanga woyandikana naye nyumba, amene chimwalirire amuna anga ankandibweretsera mandasi m'mawa uliwonse. Munthu sangakhale wachifundo tsiku ndi tsiku popanda chifukwa. Ndinayamba kumapatsa galu mandasiwo kuti ndione. Galuyo ananenepa. Ndinasiya madzi a pamjigo wathu n'kumakatunga kutsidya kwa msewu, ulendo umene unkandithera mpweya wotsalawo. Ndinawaganiziranso Che Jafali, chifukwa mpando umene anakhalapo ndi womwewo ndinkakhalira pomata. Ndinautulutsa panja. Guluu yekha ndi penti ndi amene sindinawakayikire, chifukwa anachokera kwa mwana wanga.

Kuchipatala sindinapite. Ndinkadziwa kuti kumeneko amafunsa mafunso.

Lachinayi la sabata yachitatu thupi linatentha kwambiri, ndipo m'nthiti munkabaya ndikatsokomola. Cha kumasana ndinatuluka kukaika mbale pathandala, ndipo ndinadzidzimuka ndili pansi, mbale ili pamimba, Abiti Mdala akundikupiza ndi mpango wawo. Anaitana akabaza awiri. Ndisanakwere ndinakwawa kukakiya chitseko, kiyi n'kumumanga pa ngodya ya chitenje, mfundo ziwiri.

Pachipatala chaching'ono cha kwathu tinapeza mzere wofika pa mtengo wa mango. Tinadikira pabenchi mpaka anamwino ena atamva kulira kwa chifuwa changa n'kundilowetsa. Anandikweza pa sikelo, anandiyeza kuthamanga kwa magazi, anandibaya chala kuyeza malungo, malungo osapezeka. Anamwinowo anagwira dzanja langa n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Agogo, zasilivazi m'zikhadabomu n'chiyani?"

"Mapoto, mwanangu. Ndimakwecha kwambiri."

Analemba m'kabuku kanga, ndipo madzulo omwewo ambulansi inatitengera ku chipatala chachikulu. Kumeneko anandiika timapaipi ta mpweya m'mphuno, anandijambula pachifuwa, anatenga makhololo kukayeza TB. Jakisoni anali wa m'mawa, masana ndi madzulo. Kusanache kwenikweni okolopa ankalowa, odikirira odwala onse n'kutulutsidwa ndi mikeka yawo. Kenako phala, kenako kudikira adokotala, kenako kudikira zotsatira, kenako kungodikira. Rute sakanatha kubwera msanga, choncho wondidikirira anali Abiti Mdala yemweyo. Chilichonse chimene aphika, ndinkati ayambe alawa iwo. Sanadandaule. Ankangoti, "Walayi, pochoka pano wochira ndikhala ine."

Zotsatira zinabwera Lolemba. TB panalibe. Adokotala anali mayi wachitsikana, wamng'ono kwa Rute wanga, ndipo zimenezi sizinandisangalatse. Anati ndili ndi chibayo ndipo mankhwala akugwira, koma pali china.

"Njira za mpweya zatupa ngati za munthu wopenta magalimoto. Kunyumba mumapuma chiyani, agogo?"

"Mpweya wa Mulungu, ngati wina aliyense."

Anafunsanso Lachiwiri, ndinayankha chimodzimodzi. Lachitatu sanaseke. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti, "Ife tikuchizani, mutuluka. Koma mukabwerera ku chimene chakudwalitsanicho osachidziwa, ulendo winawo simudzafika kuno mukulankhula. Mundiuze, kapena musandiuze, moyo ndi wanu."

Ndinayang'ana m'wodimo. Mabedi onse anali odzaza, ndipo pansi panali odikirira, aliyense ndi makutu awiri. Ena anali a ku Nselema, ena a kwathu komwe. Ndinaona kuti ndikanena, nkhani ikafika ku Ntaja ine ndisanafike. Ndikapanda kunena, ndikafika ine, koma osakhalitsa. Ndinawakodola adokotalawo kuti awerame, ndipo ndinanong'ona kuti ndimapanga ndege.

Ana a masiku ano sadziwa kunong'ona. "Ndege?" anatero, mawu onse.

Mayi wa bedi loyandikana nane anakoka chikwama chake n'kuchiika mbali inayo. Wina kumapeto anayamba kapemphero. Ine ndinatseka maso, ndikuona kale denga la nyumba yanga likufuka utsi.

Abiti Mdala anali pansi akusenda lalanje. Osadzutsa n'komwe mutu anati, "Zitatu zotsala zija za a Wilisoni? Simunamalizebe? Eni ake imodzi inkangowatengera masabata awiri."

Ndinatsegula maso. Ndinawafunsa kuti akudziwa bwanji.

"Iii, anzanga, ndani sadziwa? Lachinayi lililonse inu mukapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, bambo aja ankatulutsa tebulo pakhonde. Mudzi wonse unkabwera. Amuna anga ndi amene ankawagwirira phiko kuti guluu aume. Ngakhale ashehe anabwerapo kudzauzira chopukusa cha kutsogolo kwa ndege kuti aone ngati chimazungulira. Akaona kuti mwatsala pang'ono kubwera, tinkathandizana kulowetsa."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Munthu wopatsa galu mandasi anga ndingamuuze chiyani?"

Wodi yonse inaseka, mpaka amene anali ndi mabala a opaleshoni anapempha kuti tisiye. Ine sindinaseke. Zaka makumi anayi ndi zinayi ndinakhala ndi bambo amene uja, ndikumati mwa anthu onse a pansi pano iye yekha ndiye sandibisira kanthu.

Adokotala atapukuta misozi anandifunsa zonse, ndipo ndinafotokoza: guluu, penti, mankhwala otsukira burashi, katoni pazenera, thumba pachitseko. Nditatchula mbaula anagwira kumutu. Anati fungo la guluu ndi penti likadzaza m'chipinda limapsereza njira za mpweya, ndipo chifuwa chofooka chotero chibayo sichichedwa kulowamo. Anati makala oyaka m'chipinda chotseka amapha munthu mwakachetechete, ndipo mutu ndi chizungulire chija anali machenjezo. Anawonjeza kuti ndikanabwera sabata yoyamba, bwenzi atangondiuza kuti nditsegule zenera n'kundibweza kunyumba tsiku lomwelo.

Ndinagona m'chipatala masiku khumi. Potuluka anandipatsa mapiritsi omaliza chibayo, kopopera m'kamwa chifuwa chikatseka, ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi, kumene anakupeza mwangozi. Anandilamula kuti ndipume mwezi wathunthu, ndipo ndikadzayambanso ntchito yanga ndizipangira panja, pamphepo, nditavala chophimba pakamwa ndi pamphuno. Ndinawafunsa ngati sizingatheke kungotsegula zenera pang'ono. Anati iyayi.

Tsiku loyamba kutulutsa tebulo pakhonde linali lovuta kuposa jakisoni. Anthu anabweradi, ndipo aliyense anali katswiri. Uyu akuti a Wilisoni ankayamba ndi mchira, uyo akuti mtundu wa penti si umenewo. Amuna a Abiti Mdala anafika n'kungogwira phiko osapempha, ngati ntchito yawo yakale. Panadutsa mayi wina wachilendo wochokera kumsika, anaima, anayang'ana imvi zanga, anayang'ana ndege, n'kufunsa motsitsa mawu ngati zimenezi zimauluka. Abiti Mdala anamuyankha kuti, "Ikadzauluka tidzakuitanani, koma mpando woyamba ndi wanga, ndikufuna ndikafike ku Maka." Mayiyo anaseka n'kupitiriza ulendo. Ndinamuyang'anitsitsa mpaka anakhota, ndipo nkhope yake ndikuikumbukirabe.

August anadutsa. Ndinamaliza mu October, ndipo gulu linasuntha tsiku lawo kundidikira. Che Jafali anati abwere adzatenge, koma ndinapita nazo ndekha ku Liwonde, katoni ili pamiyendo, chifukwa m'minibasi simudziwa amene mwakhala naye. Ndinapeza madoda asanu ndi awiri, ena ndi ndodo, atavala majekete kukutentha kumene kuja. Anaika ndege zanga pambali pa ziwiri za amuna anga. Imodzi mwa zangazo phiko lake ndi lopendekeka, chifukwa ndinalimata masiku a chizungulire aja. Che Jafali analiyang'ana n'kunena kuti yeniyeniyo inkateranso choncho, ndipo a Wilisoni anavutika nayo zaka zambiri. Dzina la amuna anga analilemba pansi pa imeneyo. Madodawo anaimirira n'kuchitira sawatcha, ndipo ine ndinapopera mankhwala m'kamwa ngakhale chifuwa chinali chisanatseke.

Lero ndili bwino. Ndimafika kumsika wapansi, ndikumapuma kamodzi panjira. Kukazizira chifuwa chimalirabe pang'ono, ndipo kopopera kaja sindisiyana nako. Mwezi uliwonse ndimapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndipo manambala amene alemba ndimakawaonetsanso kwa anamwino ena kuti nditsimikize.

Kwa inu amene mukuwerenga, makamaka anzanga a imvi, ndikuti mutu ukapitirira masiku atatu, kapena chifuwa chikayamba kuimba, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Akakufunsani chimene mumachita kunyumba, nenani, ngakhale wodi yonse imve. Chimene mukubisacho mwina mudzi wonse unachiona kale inu muli kutchalitchi.

Ndipo ndili ndi pempho. Ndimakhala ndekha, ndipo khalidwe la munthu silichira ndi mapiritsi. Mukamadutsa kuno kwathu n'kuona nyumba ya khonde lodontha penti wasiliva, zenera lili chotseka dzuwa likuswa mtengo, patukani mugogode. Ndidzakufunsani kuti ndinu ndani, mwana wa yani, ndipo wakutumani ndani. Mwina ndidzakuuzani kuti kulibe anthu. Musachoke. Gogodaninso.