Kamakina kolozera njira katitengera kudambwe

Odi nonse pagulu pano.

Lero ndinayamba kukayika nditaona nsanza zofiira pa mtengo, njira ikunka nichepa. Timachokera ku Mlolo kupita kwa apongozi ku Zemba pa galimoto, tili ndi mnyamata wathu Dalitso ndi khanda, bambo a Dalitso akutsatira kamakina kolozera njira kamene anagula ku Chipata. Paja anasankha kotchipa, akuti kodula kamangosiyana bokosi.

Ndikuti, "Bambo a Dalitso, iyi si njira ya kudambwe?" Iwo akuti, "Amake mwana, aka kamaona kuchokera kumwamba." Kaya kumwambako kanavinidwa liti. Ng'oma ikumveka pafupi, manda ali apo, kamayi ka m'makinamo kakungoti pitirirani, mwaulemu wake wonse.

Ife ndife akumishoni, ndipo mukudziwa zimene zimachitika mnyamata wosavinidwa akapezeka kumeneko. Achimwene, inu mumayendetsa galimoto, kalipo kamakina kodziwa za gule, kapena tizingofunsa a panjinga?

Ine ndinatsegula chitseko galimoto ikuyenda, mpaka anaima. Ndinabereka khanda, ndinamphimba Dalitso kumutu ndi chitenje, tinabwerera wapansi mpaka pamsewu. Atate ake tinawasiya akubweza galimoto chambuyo, mlangizi wawo akukakamirabe kuti pitirirani.