Bondo la mkazi wanga

Mkazi wanga anaterereka akutsika phiri kwathu ku Ntchisi, mtolo wa fodya uli pamutu. Kuchokera tsiku limenelo bondo lakumanja linayamba mwano: likafuna limatupa, likafuna limangouma osapindika. Titatopa nako kuthowa ndi madzi otentha, akuchipatala cha kwathu anatitumiza kuchipatala chachikulu kutawuni. Adokotala anati chichereŵechereŵe chokhala pakati pa mafupa a bondo chinang'ambika, ndipo anachisoka polowera pa timabowo tiŵiri tating'ono.

Potitulutsa, adokotalawo analankhula ndi ine ndemwe, maso ndi maso. “Bambo, mayiŵa ayendere ndodo masabata asanu ndi limodzi. Kunjuta ayi, kugwada ndiye ayi ndithu, mpaka ine nditanena.” Ndinavomera mokweza ngati munthu wanzeru.

Masabata atatu oyamba ndinayesetsa. Ndinkatunga madzi, ndinkamugwira mwendo akamauwongola monga anamuphunzitsira, ndipo ndinamusiyira mpando wanga wa ndalema kuti azikhalapo pakhonde. Azibambo anzanga ankandiseka kuti ndakwatiwa. Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa, chifukwa ine kusekedwa sindimakupirira.

Ndiye Loweruka lina kunabwera atsibweni anga, achimwene awo a mayi, amene anandilera. Anapalasa njinga kuchokera ku Madisi kudzazonda matenda. Anatipeza pakhonde, mkazi wanga ali pampando, mwendo atauwongola. Iwo anangokhala pamphasa. Mkazi wangayo anawomba m'manja ali pampando pomwepo, nkuyamba kuŵalonjera.

Nkhope yanga inatentha. Kwathu mtengwa salonjera apongozi ali pamwamba, iwo ali pansi. Ndinaganiza zoti atsibweni akanena kumudzi kuti ndikulephera kulamulira nyumba. Mawu anatuluka okha: “Kodi ulemu munausiya kuchipatala?”

Mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anaika ndodo pambali, anagwira nsanamira ya khonde poimirira, nkutsika pang'onopang'ono mpaka mawondo onse aŵiri anafika pansi. Ndinamva kuti thoo, kaphokoso kakang'ono ngati kuthyola phesi louma. Sanakuwe. Anamaliza malonje onse, anafunsa za kunyumba, za ana, thukuta likuyenderera.

Atsibweni ndiwo anadzidzimuka. “Aa, mayi, mwagwadiranji? Ine ndabwera kudzaona bondo lomwelo! Iwe, wapenga kodi?” Za mpandozo iwo analibe nazo kanthu mpang'ono pomwe. Amene zinkamuvuta ndinali ine ndekha.

Kutacha bondo linali litatupa ngati dzungu. Tinabwerera kutawuni. Adokotala anafunsa chimene chinachitika, ine nkuzolika, kudikira kuti anditchule. Mkazi wanga anangoti, “Ndinaterereka pakhomo.” Posoka paja panali pataphwasuka. Ulendo uno sanasokenso, anangodula chong'ambikacho nkuchotsa.

Anachira, koma osati monga kale. Amalima, amapita kuchigayo, kungoti potsika phiri amayenda chammbali, ndipo nyengo yozizira bondolo limabaya. Kugwada ndiye kunatheratu. Kutchalitchi anzake akagwada iye amangokhala pabenchi. Pamaliro amalonjera akuluakulu atangoŵerama.

Sanandinenepo kwa munthu, ngakhale kwa ana athu. Ndikanakonda akanandilalatira, mwina manyaziŵa akanapepuka. Amayi ena obwera kumene m'mudzi muno amanong'ona kuti mkazi wanga ndi wamatama, sagwadira munthu. Kangapo konse azinena ine ndili pafupi, ndikumva bwinobwino. Mpaka lero sindinatsegulepo pakamwa kuŵauza amene anamugwaditsa komaliza.