Fulashi Yosatsanzika

Bambo anga aang'ono sakhululuka ukachoka pakhomo pawo osatsanzika. Uthenga umakutsatira mpaka ku Lilongwe: "Kodi kwathu kuno ndi pa depoti?" N'chifukwa chake zimene anachita ku Tsangano zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Bambo ondibereka asanamwalire, ndinawajambula pa foni akuimba nyimbo ya ngoma ya Chingoni, imene ankaimba ndi anzawo ku migodi ya ku Joni. Pamtundu pathu panalibe wina woidziwa yonse. Foniyo inafa kalekale, koma memori kadi yake ndinasunga. Titagwirizana zomanga chiliza, abale anati nyimboyo idzamveke pa sipika tsikulo.

Ndinapita ndi bambo aang'onowo kwa mayi wina wachisilamu amene amaika nyimbo m'mafulashi pafupi ndi msika wa mbatatesi ku Tsangano kuja. Kadi inavuta. Anaipukuta, kuiuzira, kuilowetsanso, mpaka kompyuta inaiona.

"Yatopa kadiyi," anatero mayiwo. "Mwayi wake ndi womwewu." Anayamba kukopera nyimboyo mu fulashi.

Panja kondakitala wa minibasi ya ku boma ankakuwa kuti atsala awiri, bodza lake la masiku onse. Bambo aang'ono anangoona kamzere kobiriwira ka pa kompyuta kafika kumapeto, dzanja linali litafika kale. Anazula fulashi n'kuiponya m'thumba la jekete.

"Bambo, mwatani?" Mayiwo anagwira kumutu. "Simunaitsanzike!"

"Yanena yokha kuti yatha. Ndizigwadiranso makina?"

Mayiwo anati kompyuta yawo imathamangira kunena kuti yatha pamene zina ikadali nazo m'manja, ngati mwana woyankha kuti "ndikubwera" asanavale n'komwe. Imamaliza kulemba ukaiuza kuti fulashi ikuchoka. Anafuna kuti ayambirenso, koma kompyuta sinaionenso kadi ija. Tinakayesa ku boma, kadi inakanabe. Inali itafa.

"Bweretsani fulashiyo timvere kaye," ndinawapempha kunyumba.

"Iwe, ukufuna uifufute? Ili bwinobwino. Ndasunga."

Ndinawasiya. Ndi bambo anga, ndikanatani?

Tsiku la chiliza anthu anadzaza pabwalo. Bambo aang'ono analowetsa okha fulashi mu sipika, monyadira. Tinamva malemu bambo akukhosomola, kenaka n'kufunsa kuti, "Yayamba kujambula, mwanangu?" Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Bambo anayamba kuimba, mawu akukwera bwino, akukwera, kenaka zii.

Anthu anadikira. Bambo aang'ono anamenya sipika, anazula fulashi n'kuibwezera. Nyimbo inadukanso pomwepo. Anaimirira kuti aipitirize okha, anang'ung'udza pang'ono, mawu osawadziwa. Anayang'ana madoda anzawo, onse anaweramitsa mitu. Anakhala pansi.

Mtima unandiwawa kwambiri moti chakudya sindinachikhudze. Anthu asanabalalike ndinatenga chikwama changa, ndinadutsa pakhomo pa bambo aang'ono iwo ali khale pampando, n'kupita kukakwera minibasi osatsanzika.

Ku Lilongwe ndinadikira uthenga wa depoti uja. Mpaka lero sunabwere.