Wochiza Magiya Osakwera Njinga

Mu msewu wathu kuno ku mapiri a Ardennes muli mkulu wina, wopuma ntchito ya positi, amene amachiza magiya a njinga zokwerera mapiri. Njinga amaigadamitsa pa udzu, n'kumapukusa pedulo ndi dzanja, khutu lili tcheru. Kukwerapo ayi. Amati, "Njinga imanena yokha pamene pakupweteka. Oyesa pokwera ndi agonthi." Yake ndi ya giya imodzi.

Loweruka lina kunabwera Noémie, mkazi wa mwana wake. Mawa lake kunali mpikisano umene anaukonzekera chaka chonse.

"Bambo, tcheni chikumadumpha ndikafika pa chitunda."

Mkuluyo anamasula kasikuluu koletsa tcheni kupitirira giya yomaliza, napukusa. "Wamva? Ikuyimba!"

"Ndikaiyese kaye kuphiri?"

"Mwana wanga, ukufuna kuyesa njinga kapena ine?"

Pa chitunda choyamba cha mpikisano, tcheni chinagwera m'masipoko. Noémie anabwerera njinga ili paphewa, matope mpaka m'makutu.

Mkuluyo anaiyang'anitsitsa, napukusa mutu. "Pa udzu paja inali bwinobwino. Lolakwa ndi phirilo."

Noémie sakumulankhulabe. Ife ena, pofika Lolemba, tinali titamupititsira mkuluyo njinga zitatu.