Alawansi ya Amalume Inanditulutsa M'nyumba

Inu owerenga, ine ndinathamangitsidwa m'nyumba ku Glasgow chifukwa chochita manyazi kufunsa amalume funso limodzi lokha. Mpaka lero ndikakumbuka, mutu umaima.

Ndinkachita lendi kachipinda kamodzi ku Partick, ndikuphunzira za unamwino. Eni nyumba, mayi wachizungu wosakonda zoseka, anandiuziratu tsiku loyamba kuti mlendo wogona samufuna. Kenako amalume, achimwene awo a mayi anga, omwe ndi phungu kwathu, anandiimbira kuti akubwera ku msonkhano wa aphungu. Anati alawansi yawo yachedwa kutuluka, ndiye ndiwasunge usiku umodzi wokha podikira kuti ndalama zilowe. Ndikanakana bwanji? Malume ndi mwinimbumba, ndi amene adzandiimire pa ukwati.

Nditakawachingamira pa siteshoni, ndinapeza ali atatu. Anzawo awiriwo analinso olemekezeka, mimba patsogolo, masutikesi pambuyo. Ndinawasiyira bedi, ndinabwereka matiresi, ine n'kumagona pampando kukhitchini ya tonse. Usiku umodzi uja unasanduka sabata. M'mawa ankamanga mataye kupita ku msonkhano, madzulo n'kubwera kudzafunsa ndiwo. Nkhuku imene ine ndimaidya masiku angapo inkatha pakamodzi. Ndikati ndifunse za alawansi, ndinkangozisiya, paja mwana safunsa mlendo tsiku lonyamuka.

Anzanga okhala nawo m'nyumbamo anatopa ndi mzere wa kubafa, ndipo anakanena. Mayi mwini nyumba uja anatulukira Loweruka masana, n'kupeza olemekezeka atatu ali pabedi panga ndi mavesiti, masokosi atayanika pa hita. Sanakalipe ayi. Anangoti mwezi ukatha ndituluke. Apo n'kuti mayeso ali pafupi.

Ndinalira pamaso pa amalume. Iwo anangoti, "Usadandaule mphwanga, azungu sadziwa chibale."

Zoona zake ndinazimva tsiku lonyamuka, ndikuwathandiza kulongedza. Masutikesi ankakana kutsekeka ndi mafoni atsopano, nsapato ndi mafuta onunkhira. Ndinafunsa mwaulemu ngati alawansi ija yafika. Mmodzi mwa anzawo aja anaseka mpaka kutsokomola.

"Yafika? Mwana iwe, alawansi timalandira tisanakwere ndege. Ya hotela, ya chakudya, ya tsiku lililonse. Wogona ku hotela ndi wopanda abale."

Ndinayang'ana amalume, iwo ali kalikiliki ndi zipi, osadzutsa mutu. Ndiye kuti sabata yonse ndinkapindika pampando paja, ndalama ya hotela inali m'thumba la jekete lomwe ndinkawasitira ndekha.

Pa siteshoni anandipatsa kaphukusi, amvekere kangachepe. Mumtima ndinati mwina andiganizira pa dipoziti ya nyumba ina. Nditamasula ndinapeza nsalu ya kampeni, nkhope yawo ikumwetulira ponseponse.

Pano ndimagona pabalaza kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Easterhouse, ndipo nsalu ija ndi imene ndimatchingira pogona panga. Inu amene muli kunja kuno, m'bale akanena kuti akubwera pa ntchito ya boma, mufunseni asanakwere ndege kuti akagona hotela iti. Akakwiya, akwiye, nyumbayo ndi yanu. Ine ndinachita manyazi, ndipo m'mawa uliwonse ndikatsegula maso pabalaza la eni, ndimapeza amalume akundisekerera.