Tambala wa a Mulepa ndi dzino langa

Lachiwiri ndinali kubwalo la milandu paboma, nditavala malaya obwereka, dzanja lili pakamwa. Woweruza anachita kundiuza kuti, "Achimwene, chotsani dzanjalo. Mpata mukudandaulawo tiuona bwanji?"

Nkhani yake ndi iyi. Nthawi yowokera mpunga, a Mulepa, omwe munda wawo unachita malire ndi wathu, anandipeza ndikutsegula ngalande ya madzi. Sanafunse. Mpini wa khasu unatera pakamwa panga, dzino lakutsogolo n'kutsala m'matope. Mukudziwa zimene ndinanena? "Pepani, bambo." Inde, woyamba kupepesa ndinali ine.

Apolisi anawatenga, bwalo linawalipiritsa chindapusa. Ine ndinkayesa ndi changa. Ayi, chinapita kuboma, ngati dzinolo linali la boma. Mlongo wanga Esinati, yemwe saopa munthu, ndiye anandiuza kuti wovulazidwa amasuma yekha mlandu wina wofuna chipukuta misozi. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinasuma, kuti mwina ndingakaikitse dzino lina.

Tsiku la mlandu lisanafike, akazi a Mulepa anabwera kwathu ndi tambala m'manja. Anagwada. Ine ndinagwada kuposa iwo. Nanga mayi wamkulu akakupatsa nkhuku, ungabweze? Ndinalandira ndi manja awiri. Tinadya tsiku lomwelo, ine ndikutafunira mbali imodzi.

Ndiye Lachiwirilo a Mulepa anaimirira. "Bwana, mwanayu anadya tambala wanga. Kwathu kuno nkhuku ikadyedwa, mlandu watha."

Woweruza anandiyang'ana. "Munadya?"

"Ntchafu yokha, bwana."

Bwalo lonse linaseka. Esinati anabisa nkhope m'chitenje.

Sekani, koma si ine ndekha. Ndi angati kuno ku Phalombe amene akuyenda chotsimphina, ena mkono sugwiranso khasu, chifukwa anachita manyazi kufunsa kuti nkhuku yabwerayo ndi yopepesera kapena yotsekera pakamwa? Kupepesa n'kwabwino, sindikukana. Tinaleredwa kuti wamkulu akabwera yekha pakhomo, nkhani yatha. Koma kodi tambala angandilumire chimanga chootcha?

Woweruza anati akufuna kumva kwa akazi a Mulepa zimene tinagwirizana pa tsiku la tambalalo, ndipo anaimitsa mlandu. Vuto n'lakuti sitinagwirizane kanthu. Ine ndinangoti zikomo, mobwerezabwereza.

Nditatuluka, ndinapeza a Mulepa ataima pafupi ndi njinga yanga.

"Mwanawe, njira ndi imodzi. Undikweza."

Ndinawakweza. Esinati anakana kuyenda nafe, anati sakufuna anthu adziwe kuti ndife a mimba imodzi.

Pachitunda njinga inayamba kulemera, ine thukuta kamukamu. A Mulepa anandigogoda pamsana.

"Palasa, iwe! Tambala uja anapita kuti?"

Yankho ndinali nalo, labwino ndithu. Koma dzanja linali litafika kale pakamwa, ndipo njinga inatsala pang'ono kutigwetsera m'ngalande.